Mayi Fenn, Wouza Njuchi za ku Marchlow

Ine ndachapa nsalu za m'nyumba yaikulu ya ku Marchlow kuyambira ndili buthu mpaka zala zangazi zinapindika, ndiye za anthu akuluakulu musandiuze. Ndawaona onse, ndi fungo la thukuta lawo lomwe ndikulidziwa. Koma mukandifunsa munthu amene ndinamuopa ndi kumulemekeza kuposa onse, sinditchula wovala mkanjo wa ubweya ayi. Nditchula Mayi Damaris Fenn, amene ankasunga njuchi kuseri kwa munda wa maapozi.

Anali mayi wamfupi, wowonda, wosaseka wamba. Amuna awo anafera ku nkhondo ija ya Mfumu ndi a Nyumba ya Malamulo, n'kuwasiyira mwana mmodzi yekha, Josias. Ankakhala m'kanyumba ka udzu ka bwana, ndipo kanyumbako kankayenda ndi ntchito: wosunga njuchi ndiye ankagonamo. Ming'oma yawo inali yoluka ndi mapesi a tirigu, itandandalikidwa m'mphako za khoma loyang'ana kudzuwa. Uchi unkapita kukhitchini, phula n'kusanduka makandulo a m'chipinda chodyera ndi a kutchalitchi. Enafe tikamadutsa kumeneko tinkadziphimba kumutu, liwiro lili m'miyendo. Iwo ankangoyenda pakati pa njuchizo pang'onopang'ono, akung'ung'udza kanyimbo.

Kwathu kuno ndi mwana yemwe amadziwa kuti njuchi ndi za m'banja, ndipo zimakwiya zikabisiridwa nkhani. Kukabadwa mwana, kukakhala ukwati, makamaka akamwalira mwini nyumba, munthu amatenga kiyi wa chitseko chachikulu n'kukagogoda pamng'oma uliwonse, n'kuziuza. Mukapanda kutero zimadwala, apo ayi zimanyamuka zonse, ulendo wosabwerera. Ena amachita zimenezi pongotsata mwambo. Mayi Fenn ankaziuza zonse, mosabisa ndi mwaulemu, ngati akuyankhula ndi apongozi.

Bwalo lathu loyanikapo nsalu linali pafupi ndi khomalo, ndiye mbiri yonse ya Bwana Marchlow ine ndinaimvera pamenepo, ndili ndi zopanira zovala kukamwa. Ha, koma bwana aja anali chimunthu! Akamalowa pachipata ndi akavalo awo, mabelu a tchalitchi ankalira, ife tonse mawondo m'matope. Atawaika pabwalo la alangizi a Mfumu, Mayi Fenn anapita ndi kiyi.

"Gogogo! Njuchi, njuchi, mverani. Bwana wanu tsopano akukhala pafupi ndi Mfumu."

Zinthu zitatembenuka, adani awo atawatsekera m'ndende ku London, anakaziuzanso, koma monong'ona, poti masiku amenewo sunkadziwa amene akukumvetsera. Mfumu yatsopano itakhala pampando, bwana n'kutuluka ndi ulemu woposa wakale, anaziuza mokweza mpaka agalu anauwa. Kenaka inabwera nkhani imene inatisiya tonse kukamwa yasa: Mfumu inawasankha kukhala Bwanamkubwa wa chilumba china cha nzimbe, kutsidya kwa nyanja yaikulu. Bwana wathu yemweyu, amene ine ndinkachapa masokosi awo, kukalamulira dziko lonse lathunthu!

Ine pakamwa panga sipakhala chete, ndiye ndinkawaputa dala.

"Mayi Fenn, kodi zakuyankhani chiyani lero azinzanuwo?"

"Zati malaya a bwana wachapa mwaulesi, Keziah. Kolala ikadali bii."

Ndinkangozyolika, poti nthawi zambiri zinali zoona.

Josias anali atakula, mnyamata wa mapewa aakulu, mmisiri wokhoma migolo yamatabwa. Mgolo wake sunkadontha ngakhale kadontho. Tsono shuga amayenda m'migolo, ndipo bwana ankafuna amisiri otere kuchilumbako. Sanatume munthu ayi. Tsiku lina m'mawa anabwera okha, anaimitsa kavalo pafupi ndi khoma la njuchi, ine ndili chapomwepo ndi dengu langa.

"Mayi, ndibwerekeni mwana wanu," anatero bwana. "Azikayenda pafupi ndi ine. Kumene ine ndili, iyenso adzakhala komweko."

Munthu ungakane bwanji? Mayi Fenn anagwada, nati, "Ndi wanu, bwana." Josias ndiye anali kumwamba ndi chimwemwe, amvekere, "Amayi, ndikakubweretserani mbalame yoyankhula, muzikapumako kucheza ndi njuchi!" Amake anamupatsa kambiya ka uchi, anamukonza kolala, osagwetsa msozi. Gulu litanyamuka anatenga kiyi n'kuyenda khoma lonse.

"Njuchi, njuchi, mverani. Bwana wanu wapita kuchilumba. Josias wanga wapita naye, chombo chimodzi."

Zaka zotsatirazo Marchlow anasintha maso athu akuona. Zombo zinkabweretsa shuga woyera, woumbidwa ngati nsonga ya chulu, wokutidwa m'mapepala. Nyumba yaikulu inakula mbali ina yatsopano, mawindo agalasi okhaokha, adona, akazi a bwana, n'kugula ngolo ya golide m'mbali. Akapitawo a nyumba, a Ludlam, mimba inatsogola. Wophika wathu anayamba kunyoza uchi, akuti ndi chakudya cha amphawi, iye amene anakulira phala la balere lopanda ndi mchere womwe, asa! Za amene ankadula nzimbezo sitinkafunsa. Tinkangomva kwa amalinyero kuti ndi anthu ogwidwa ku Afrika, ogulitsidwa pagombe ngati ziweto, ndipo tinkati n'zakutali. Amalinyero omwewo ndiwo ankabweretsa moni wa Josias: ali bwino, wada ndi dzuwa, bwana samusiya, ngakhale akamapita kunkhondo amamutenga kuti aziyang'anira migolo ya madzi akumwa.

Nkhani yoipa inafika chisanu chitangoyamba. Bwana ananyamuka ndi zombo zankhondo kukathamangitsa Afalansa pachilumba china, ndipo namondwe anawapeza pakati pa nyanja. Zombo zina zinapulumuka zitathyokathyoka. Chombo cha bwana sichinaonekenso. Pamodzi ndi nkhaniyo anabwera mabokosi a zovala za bwana, ndi munthu mmodzi, Kojo, kapolo amene ankaperekera chakudya patebulo lawo. Iye anapulumuka chifukwa anamukweza m'chombo china pamodzi ndi katunduyo. Anamutumiza kwa adona ngati mbali ya katundu yemweyo, ali ndi mkombero wasiliva m'khosi wolembedwa dzina la bwana. Kalanga ine, mpaka lero ndikaukumbuka mkombero umenewo mtima umandiwawa. Anali bambo wamkulu ndithu, wofatsa, akunjenjemera ndi chisanu chathuchi.

Adona analamula kuti pasapezeke wovala zakuda. Mwina mafunde anawaponyera pachilumba china, mwina Afalansa anawagwira. Chisanu chonse tinakhala choncho, osalira, osaseka. Njuchi nthawi imeneyo zimakhala zili duu m'ming'oma, ndiye panalibe wofunsa za kiyi.

Mitengo itayamba kuphuka, uthenga unachokera kwa Mfumu: afunafuna ponseponse, palibe wopulumuka, ndipo Bwanamkubwa wina wasankhidwa kale. Adona anadzitsekera m'chipinda, ndipo atatuluka analamula maliro oyenera munthu wamkulu chotero. Tsiku lomwelo a Ludlam anatsikira kukhoma la njuchi, kiyi ali m'manja, ataima patali ndithu poopa kulumidwa.

"Mayi Fenn, nayu kiyi. Kaziuzeni kuti bwana atisiya."

"Mwauona mtembo, a Ludlam?"

"Iii, mayi, mtembo wanji? Munthu wamira m'nyanja!"

"Ndiye bwererani naye kiyi wanuyo. Ine sindiuza njuchi zinthu zimene munthu sanaone."

A Ludlam anagwira njakata. Ine pomwepo ndinadziwa chimene chinali kuwavuta mayiwo. Njuchizo anaziuza okha kuti bwana ndi Josias ali m'chombo chimodzi. Kunena kuti bwana amwalira kunali kunena ndi pakamwa pawo kuti Josias wafa. Bola ngati sananene, mwana wawo anali akadali kwinakwake, akukhoma migolo.

Masana ena ndinawaona Mayi Fenn atamuimitsa Kojo pachitsime.

"Bambo, munaona chiyani inu?"

"Ndinaona chombo cha bwana, mayi. Funde linachikweza, linachitembenuza. Funde lina litadutsa, panalibe kanthu."

"Josias wanga mumam'dziwa?"

"Ndimam'dziwa. Tsiku lonyamuka anandipatsa madzi m'chikho chake. Anakwera ndi bwana, ndinamuona." Kenaka anati, "Pansi pa chombocho munalinso anthu akwathu, owatenga kuti akakumbe maenje a asilikali. Mng'ono wanga anali momwemo. Za iwo palibe amene wandifunsa."

Mayi Fenn anamuyang'ana nthawi yaitali. "Pepani, bambo," anatero. "Koma ndiuzeni. Munaona chombo chikumira, kapena munaona mwana wanga akumira?"

"Chombo, mayi."

"Ndiye simunamuone." Ananyamula ndowa yawo n'kumapita.

Kunja kutafunda, njuchi zinayamba. Mng'oma woyamba unatulutsa khamu lake, ndipo m'malo mokatera panthambi ya maapozi monga zinkachitira chaka ndi chaka, zinakwera m'mwamba, zinadutsa pamwamba pa tchalitchi, basi osaonekanso. Mlungu womwewo khamu lina linachitanso chimodzimodzi. M'mudzi munadzaza manong'onong'o, ena akuti mayiyo wazungulira mutu, ena akuti aitanira tsoka nyumba yonse. A Ludlam anabweranso, ulendo uno nkhope ili gwa.

"Mayi, ine sindikufuna kukuchitani nkhanza. Koma mukudziwa kuti kanyumbako ndi ka wosunga njuchi. Njuchi zikatha, muzikagona kuti?"

Mayi Fenn anangotembenuka n'kulowera kuming'oma yawo. Ine ndiye ndinalephera kupirira, ndinasiya nsalu pachingwe n'kuwalondola.

"Mayi Fenn, inunso kuuma mutu! Ingonenani za bwana zokha, za Josias musatchule. Mukufuna mukafere m'ngalande?"

"Njuchi si zopusa ngati iwe, Keziah. Zikudziwa amene anakwera ndi yani."

"Nanga mukhala choncho mpaka liti?"

"Mpaka abwere." Ananena motsitsa mawu. Ndinachita mantha, chifukwa mayi amenewo ndinali ndisanawamvepo akuyankhula chotero.

Tsiku la maliro linafika dzuwa likuswa mtengo. Abale, ndakhala moyo wautali koma zoterezi sindinazionenso. Nsalu yakuda inakuta njira kuyambira pakhomo la nyumba yaikulu mpaka kutchalitchi. Patsogolo panali amphawi a m'midzi yonse ya bwana atavekedwa mikanjo yakuda, kenaka antchito, kenaka akuluakulu ochokera ku London, ena atavala malaya a golide owala mpaka kuthobwa m'maso. Wina ananyamula lupanga la bwana, wina chisoti chawo chankhondo, wina mbendera ya chilumba chija. Kavalo wawo ankamukoka wopanda wokwerapo. Pambuyo pake panali ngolo ya bokosi, akavalo akudawo atavekedwa nthenga kumutu, kenaka ngolo ya adona, Kojo akuyenda pambali pake. M'bokosimo munalibe munthu. Ife ochapa tinkadziwa, poti ndife tinasoka matumba a mchenga amene anaikamo kuti lilemere. Komabe ndikukuuzani, bokosilo litadutsa pamaso panga tsitsi linandiima, ngati bwana ali momwemo akutiyang'ana.

Njira ya kutchalitchi imadutsa m'mbali mwa munda wa maapozi. Ngolo ya bokosi itangofika pamenepo, tinamva chimkokomo kuseri kwa khoma. Mng'oma waukulu kuposa yonse unali utatulutsa khamu lake. Zinakwera ngati utsi, dzuwa linachita kuda, ife tonse n'kuti basi, izinso zapita. Koma sizinapite. Zinazungulira pamwamba pa gulu lonselo, kenaka zinatsika, zinatsika, n'kutera pansalu yakuda yokuta bokosi. Zinaunjikana kumutu kwa bokosilo, chimulu chachikulu chikuyendayenda.

Mayo! Akavalo anayamba kupalasa pansi. Oyendetsa ngolo analumpha. Mkulu wina wa malaya agolide anakuwa kuti, "Zichotseni! Wina azichotse!" koma iye mwini akubwerera chafutambuyo. Wophika ankafuna kuthamangira mapoto kuti aziwomba, monga timachitira pofuna kuti khamu likhazikike, koma zinali zitakhazikika kale, ndiye awombe za chiyani? Gulu lonse lija, anthu oyankhula ndi Mfumu maso ndi maso, linangoima kakasi pamsewu.

Kenaka kachitseko ka munda kanatseguka. Anatuluka Mayi Fenn, ali ndi chovala chawo cha masiku onse, opanda ndi kansalu kakuda komwe, mng'oma wopanda kanthu uli m'khwapa. Anayang'ana njuchi zawo pabokosipo, ndipo nkhope yawo inagwa ngati ya munthu amene wapezeka ndi mlandu. Ndinawamva akuti, "Ndiye mwabwera kudzadzifunsira nokha."

Anthu anapatuka okha. Anayenda mpaka pamaso pa a Ludlam n'kutambasula dzanja.

"Kiyi."

A Ludlam anamasula kiyi m'chiuno n'kuwapatsa. Mayi Fenn anakwera pa gudumu la ngolo, anaima pafupi ndi chimulu cha njuchicho, zina zikuwayenda m'manja ndi kumaso. Anagogoda pabokosi. Gogogo! Kunali zii moti kugogodako kunamveka mpaka kumapeto kwa gulu.

"Njuchi, njuchi, mverani," anatero. "Ndakubisirani nkhani, ndikhululukireni. Josias wanga wafa. Wamira m'nyanja. Sabweranso."

Pamenepo mawu anawathera. Anatsegula pakamwa kuti anene za bwana, koma sipanatuluke kanthu. Anangoima, kiyi ali m'manja, mapewa akugwedezeka. Ine misozi inali ikuyenderera kale, ndipo sindinali ndekha.

Ndiye tinamva chitseko cha ngolo ya kumbuyo chikutseguka. Adona, amene chikwatiwire anali asanapondepo fumbi la msewu umenewo, anatsika. Anayenda okha kudzaima pansi pa Mayi Fenn, Kojo atagwira nsonga ya mkanjo wawo pambuyo. Anakweza nsalu yophimba kumaso, njuchi zikuwazungulira, osaphethira.

"Mwamuna wanganso wamira," anatero adona, akuyankhula ndi njuchizo. "Bwana wanu wamwalira. Anali limodzi."

Akuluakulu a ku London anavula zisoti mmodzimmodzi. Tinkayesa zatha, koma Kojo, ali chigwirire mkanjo uja, anayamba kutchula motsitsa mawu maina a mng'ono wake ndi anthu akwawo aja anamira nawo, maina achilendo amene palibe mmodzi wa ife anali atawamvapo. A Ludlam anafuna kumuletsa, koma Mayi Fenn anakweza dzanja, ndipo a Ludlam anatseka pakamwa. Dzina lililonse limene Kojo ankatchula, iwo ankagogoda kamodzi pabokosi. Maliro a Bwanamkubwa anadikira pamsewu mpaka kapolo atamaliza.

Kenaka Mayi Fenn anatchera mng'oma uja pansi pa chimulucho, n'kuyamba kukokolola njuchi ndi manja, pang'onopang'ono, ngati akuwola ufa. Zinalowa mwakachetechete. Anaphimba mng'omawo ndi nsalu yawo ya m'chiuno, anatsika pangolo, anabweza kiyi. Atafika pamene panali Kojo anaima, namufunsa ndi mawu aang'ono amene ndinawamva chifukwa ndinali pafupi.

"Bambo, madzi a kumeneko ndi ozizira?"

"Ayi, mayi. Ndi ofunda. Ngati osambitsira khanda."

Mayi Fenn anagwedeza mutu. Ananyamula mng'oma wawo bwinobwino ndi manja awiri, ndipo palibe kavalo kapena munthu amene anasuntha mpaka atalowa m'munda n'kutseka kachitseko. Belu la tchalitchi linayamba kulira, ngolo zinanyamuka. Ine sindinapite nawo. Ndinatsala pamsewu, nditatsamira khoma, ndikumvetsera mayi aja kuseri kwake akulira mokweza, akuitana mwana wawo ndi dzina.